Mitambo ikatsika muli kale m'mwamba

Wowerenga wina, amene walandira kumene laisensi yoyendetsa ndege zing'onozing'ono ku South Africa ndipo akufuna kumauluka kuchokera pa Chileka, wanditumizira imelo yofunsa chimene angachite nyengo ikaipa ali paulendo, popeza laisensi yake imangomulola kuuluka akuona kumene akupita ndi maso.

Bambo, yankho langa ndi lakuti mutembenuke msanga, musanalowe mumtambo, pamene njira imene mwadzera ikuonekabe. Chimene chimapha anthu mumtambo kawirikawiri ndi thupi lawo lomwe. M'kati mwa khutu muli timadzi timene timatidziwitsa tikapendekeka, koma ndege ikamakhota pang'onopang'ono kwa masekondi pafupifupi 20 timadzito timakhazikika, ndipo thupi limakuuzani kuti mukuyenda mowongoka pamene phiko limodzi laloza pansi. Munthu akaona kuti akutsika amakoka chiwongolero, ndipo kukokako kumangochititsa kuti ndegeyo izungulire mothina kwambiri. Mu 1954 ofufuza a pa University of Illinois anayesa oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka podalira zida zokha, powauza kuti ayendetse ndege osaona kunja, ndipo onsewo analephera kuiwongolera, pa avereji ya masekondi 178 okha.

Umu ndi mmene anafera John F. Kennedy Jr., mwana wa yemwe anali pulezidenti wa America, pa 16 July 1999, pamodzi ndi mkazi wake ndi mlamu wake, akuchokera ku New Jersey kupita ku Martha's Vineyard pa ndege ya Piper Saratoga. Kunalibe mkuntho. Unali usiku wa chifunga pamwamba pa nyanja, malekezero a thambo osaoneka, ndipo bungwe lofufuza za ngozi ku America la NTSB linapeza kuti anasokonezeka mutu osadziwanso kumwamba ndi pansi.

Kuno kwathu muchenjere ndi chiperoni, chimene chimaphimba Thyolo, Mulanje ndi Blantyre pakati pa May ndi August, komanso utsi wa moto wa m'tchire wa mu September ndi October. Mitambo ikatsika mudzafuna kutsika nayo kuti muzionabe pansi, koma chigawo chimenechi ndi cha mapiri, ndipo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje imafika mamita 3,002. Chizolowezi chozembera kunsi kwa mitambo ndimachiopa kuposa china chilichonse.

Malamulo nthawi zambiri amafuna kuti muziona kutali makilomita 5, koma munthu watsopano adziikire malire okulirapo, awalembe ali pansi, ndipo asawasinthe ali m'mwamba. Werengani METAR (lipoti la mmene nyengo ilili pa bwalo la ndege) ndi TAF (ulosi wa nyengo ya pa bwalolo), ndipo mukaona kuti temperature ndi dew point (mlingo wa kuzizira pamene chinyezi cha mumpweya chimayamba kusanduka madzi) zayandikana dziwani kuti nkhungu ili pafupi. Tengani mafuta okwanira kukafika pa bwalo lina, ndiponso uzani okwera nanu musananyamuke kuti mungathe kubwerera, chifukwa manyazi okhumudwitsa anthu ofulumira ku ukwati kapena ku maliro amaumiriza woyendetsa kupitirira.

Mukalowa mumtambo mwangozi, lekani kuyang'ana kunja, khulupirirani artificial horizon, chida choonetsa mmene ndege yapendekekera, ngakhale thupi likukana, wongolani mapiko, kenako khotani modekha madigiri 3 pa sekondi, zimene zidzakubwezani kumene mwachokera m'mphindi imodzi. Uzani oyang'anira kayendedwe ka ndege mosabisa kuti simukuona, ikani nambala yosonyeza ngozi ya 7700 pa transponder, chida chowadziwitsa za ndege yanu pa radar, ndipo akapanda kuyankha itanani pa wailesi pa 121.5, tchanelo cha ngozi. Kukhota kumeneku muzikuyeseza kawirikawiri ndi mphunzitsi wanu, mutaphimbidwa kumaso kuti muziona zida zokha.