Mwana akakakamira katuni yomweyomweyo tsiku ndi tsiku

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera pa imelo za mwana wawo wamkazi wa zaka ziwiri ndi theka, amene wakakamira magawo atatu a katuni omwe bambo ake adamuikira pa fulashi. Akangodzuka amaloza TV, gawo likatha amafuna liyambirenso, ndipo akaizimitsa amadzigwetsa pansi n'kulira mpaka mawu kusasa. Mayiwa akufunsa ngati kubwereza kotereku kukusonyeza vuto, komanso ngati angachite bwino kungofufuta zonse.

Mayi, ndiyambe ndi kukuchotsani mantha pa nkhani ya kubwereza. Kumbukirani mmene ife tinkachitira madzulo, agogo akati "padangokhala" ife n'kuvomera kuti "tili tonse": tinkapempha nthano ya Kalulu yomweyo imene tidamva dzulo lake, ndipo agogo akasintha mawu amodzi okha tinkawakonza. Mwana wamng'ono samvetsa zonse pa ulendo woyamba, choncho akamaonanso amatola mawu amene adamudutsa, ndipo amasangalala kuti akudziwa chimene chichitike kutsogolo, pakuti m'moyo wake zambiri zimangomugwera mosayembekezera. Ku America, pulogalamu ya ana yotchedwa Blue's Clues, imene idayamba mu 1996, inkaonetsa gawo limodzi masiku asanu otsatizana, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 1999 adapeza kuti ana a zaka zitatu mpaka zisanu amene adaonera gawolo kasanu adalimvetsa bwino kuposa anzawo amene adaliona kamodzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu n'chakuti katuni yojambulidwa ilibe mathero. Agogo ankatopa n'kutiuza kuti tikagone, ndipo pulogalamu ya pa wailesi ya kanema imatha pa nthawi yake n'kubwera nkhani za akuluakulu, koma fulashi kapena foni sitopa. Mwana wazindikira kuti katuni yake ilipo nthawi zonse, ndipo chokhacho chimene chaima pakati pa iye ndi katuniyo ndi chala chanu. N'chifukwa chake mkwiyo wonse ukugwera inu. Ntchito yanu tsopano ndi kuika mathero amene makinawo alibe, ndipo matherowo akhale ofanana tsiku lililonse.

Malangizo a mu 2019 a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, pamene wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo kuchepetsapo n'kwabwino koposa. Ola limenelo ndi la zonse pamodzi, TV ndi foni yomwe.

Ndinene zimene zidathandiza m'nyumba mwathu. Mwana wanga wa chiwiri, ali ndi zaka ngati za wanuyo, sankadziwa tanthauzo la "mphindi khumi", motero ndinkaika zitsekero ziwiri za mabotolo patebulo. Gawo limodzi likatha, iye mwini ankatenga chitsekero n'kuchiponya m'kapu. Chachiwiri chikalowa, ankadina yekha batani lozimitsira, ndipo nthawi yomweyo tinkapita kukasamba, madzi atakonzedwa kale m'beseni. Mfundo yaikulu ndi imeneyi ya madzi okonzedwa kale: mwana savutika kwambiri kusiya chinthu ngati pali china chomuyembekezera, koma mukazimitsa n'kumusiya ali chiimire pabalaza, inu n'kulowa kukhitchini, adzalira chifukwa wataya katuni ndi amayi nthawi imodzi. Masiku oyambirira adalira ndithu, ndipo ndinkamunyamula n'kumuuza kuti ndikudziwa kuti wakhumudwa, koma TV sindinkaiyatsanso. Mukaiyatsa iye atalira kwa theka la ola, mwamuphunzitsa kuti mtengo wa katuni ndi kulira theka la ola.

Chonde musamunamize kuti TV yawonongeka kapena kuti magetsi azima pamene babu likuwala, chifukwa ana amaona, ndipo mawa sadzakhulupirira ngakhale zoona zimene mudzamuuze. Mugwirizanenso ndi bambo ake, agogo ndi aliyense amene amatsala naye masana, pakuti lamulo losungidwa ndi munthu mmodzi m'nyumba silikhalitsa. Ngati amaonera pa YouTube, zimitsani autoplay, imene imayambitsa yokha vidiyo ina yoyamba ikangotha. Pa nthawi ya phala kapena nsima sikirini ikhale yozima, ndiponso ola lomaliza asanagone.

Kufufuta zonse sindikukulimbikitsani. Magawo atatu amene mwawaona kale ndipo mukudziwa zimene zilimo ndi abwino kuposa mavidiyo osadziwika amene intaneti ingamusankhire. Mukapeza mpata khalani naye pamkeka, mufunseni kuti "uyu ndani?", ndipo nyimbo za m'katunimo muziimba naye pochapa kapena popita kumsika, kuti mawuwo atuluke m'galasi n'kulowa m'kamwa mwake.

Pali chinthu chimodzi chimene simunanene m'kalata, ndicho kalankhulidwe kake. Ngati pa msinkhu umenewu salumikiza mawu awiri monga "ndipatseni madzi", satembenuka mukamuitana dzina, kapena sakuyang'anani m'maso posewera, mukapita ku sikelo mukawauze azaumoyo kuti amuone, kuyambira ndi makutu. Ngati amalankhula, amaseka ndi anzake ndipo amakulozerani zimene waona, yambani ndi zitsekero ziwiri mawa, ndipo mudzandilemberenso pakatha masabata awiri.