Mwana akaphunzira za nyengo, adzagwira ntchito yanji?

Bambo wina wa ku Phalombe wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukaphunzira za nyengo ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, koma iwo mtima suli m'malo. Akufunsa ngati nkhani zosamalira chilengedwe, zimene mayunivesite aziika patsogolo m'mapulani awo a zaka zambiri, si nyimbo chabe ya mayiko otithandiza. Nyimboyo ikadzatha, mwana adzadya chiyani?

Bambo, mbali ina mukunena zoona, ndipo ndifikako. Koma tiyambire kwanu konko. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osakata, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukwirira nyumba ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Tinaika maliro mazanamazana. Chaka chotsatira mvula inadula, chimanga chinapserera m'munda, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Namondwe Ana mu 2022 anaononga damu lopangira magetsi la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anavuta koposa chaka. Yunivesite imene ingalembe pulani yake osaona izi ndiye kuti ikuphunzitsa ana za dziko lina.

Mavuto ena amachokera kutali zedi koma amatipeza m'munda. Mbozi za ntchemberezandonda kwawo ndi ku America, lero zili m'nsonga ya chimanga chanu. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza, alimi ambiri n'kutembenukira ku manyowa a Mbeya. Ndinaonerera mayi wina akusakaniza ndowe, phulusa, gaga ndi feteleza pang'ono, akuwaza madzi, n'kumanga thumbalo kuti likhale masabata atatu. Nzeru yabwino. Koma ndani ayese ngati muyezo umodzi ukugwira ntchito mofanana pa dothi lakatondo la ku Lilongwe ndi pa mchenga wa kunyanja? Imeneyo ndi ntchito ya a ku Bunda, ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ndipo siyofunika kudikira mlendo kuti atiuze.

Tsopano pamene mukunena zoona. Kafukufuku wambiri kuno amayendera ndalama zakunja, za zaka zitatu kapena zisanu. Ndalama zikatha, galimoto imaima, zipangizo zimachita dzimbiri. Tinaona mu 2025 America itatseka bungwe lake lothandiza mayiko ena la USAID mmene ntchito zambiri zinaimira pakati. Chilengedwe sichiyenda pa kalendala yotere. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pamatope ouma. Kuti mumvetse nyanja yotereyi pamafunika munthu woyeza madzi ndi mvula chaka ndi chaka kwa zaka makumi, ngakhale palibe amene akuomba m'manja. Ine pulani ya yunivesite ndimaiyesa pamenepo: kodi yaika ndalama zakezake zoyezera mitsinje, zosungira zolembedwa, ndi zosunga aphunzitsi kuti asathawire kunja? Ngati yangolemba mawu okoma a zolinga 17 zachitukuko za United Nations ndi masomphenya a Malawi 2063 popanda zimenezi, nkhawa yanu ndi yomveka.

Za ntchito, sindikulonjezani kuti adzaipeza tsiku lomaliza sukulu. Koma nthambi ya zanyengo, a DoDMA oona za ngozi, mabungwe a madzi, a EGENCO opanga magetsi, minda ya tiyi ndi ya nzimbe, onsewa amafuna munthu wodziwa mvula ndi madzi. Mumuuze alimbikire masamu ndi kompyuta, aphunzire kujambula mapu a malo osefukira madzi. Ndipo akabwera pa holide, mupite naye kwa amfumu, ayesere kufotokoza m'Chichewa kapena m'Chilomwe kuti ndi nyumba ziti zili m'njira ya madzi, ndipo anthu athawire kuti mvula ikafika tsiku lachitatu.