Mwana akufuna kuphunzira za superconductor: ntchito yake ilipo kodi?

Bambo wina wa ku Kasungu wandilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Anaona pa foni maginito akuyandama m'mwamba popanda chowagwira, kenako anaona mphete zokongola zimene akuti n'zopangidwa ndi superconductor. Tsopano akuti akufuna kudzaphunzira zimenezo. Ine sindikuzidziwa. Kodi ndi sukulu yosula mphete, kapena ndi sayansi? Nanga ntchito angadzaipeze kuno kwathu?"

Zikomo bambo chifukwa chofunsa musanamukanize mwanayo. Zinthu ziwiri zimene waonazo zonse zikukhudza superconductor, koma ntchito zake n'zotalikirana kwambiri, ndipo sukulu zakenso n'zosiyana.

Tiyambe ndi chinthucho. Magetsi akamayenda mu waya wa kopa, ena amatayika n'kusanduka kutentha, n'chifukwa chake tchaja ya foni imafunda ikakhalitsa pa soketi. Mu 1911, Heike Kamerlingh Onnes wa ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands anaziziritsa mercury mpaka pafupifupi madigiri 269 kunsi kwa ziro, ndipo anapeza kuti magetsi akudutsamo popanda kutayika ngakhale pang'ono. Chinthu chochita zimenezi ndiye superconductor. Mu 1933, Walther Meissner ndi Robert Ochsenfeld ku Germany anapezanso kuti chinthu choterechi chimakankhira kunja mphamvu ya maginito, ndipo apa m'pamene pamayambira kuyandama kumene mwana wanu anaona. Chodabwitsa n'chakuti golide, siliva ndi kopa, zitsulo zimene zimadutsitsa bwino magetsi tsiku ndi tsiku, sizisanduka superconductor ngakhale muziziziritse chotani.

Vuto lonse la sayansi imeneyi ndi kuzizira. Kwa zaka zambiri zinkatheka ndi helium wamadzimadzi yekha, mpweya woziziritsidwa mpaka kukhala ngati madzi, yemwe ndi wodula komanso wosowa. Mu 1986, Georg Bednorz ndi Alex Müller a ku labotale ya IBM ku Zurich anapeza zinthu zina zangati mbale zadothi zowotcha zimene zinkachita zomwezo pa kuzizira kocheperako, ndipo chaka chotsatira analandira mphoto ya Nobel. Mu 1987 momwemo ofufuza a ku America anapeza china cha mtundu womwewo chotchedwa YBCO, chimene chimagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 180 kunsi kwa ziro. Pamenepo nitrogen wamadzimadzi, wotsika mtengo, amakwanira. Mavidiyo ambiri a maginito oyandama amagwiritsa ntchito zimenezi, ndipo nthunzi yoyera imene imafuka pambali ndi chizindikiro cha kuzizirako. Mpaka lero palibe amene wapeza superconductor yogwira ntchito pa kutentha kwa m'nyumba mwathu popanda kuipanikiza ndi mphamvu zoopsa. Mu 2023 gulu lina la ku South Korea linati laipeza, n'kuitcha LK-99. Intaneti inatekeseka kwa milungu ingapo, koma malabotale ena atayesa anapeza kuti si zoona.

Kumene superconductor ikugwiradi ntchito lero n'kopanga maginito amphamvu kwambiri. Makina ambiri a MRI ojambulira m'kati mwa thupi ali ndi waya wa chitsulo cha niobium chosakaniza ndi titanium, womizidwa mu helium. Ku CERN, labotale yaikulu ya fizikisi m'malire a Switzerland ndi France, kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 momwe muli maginito akuluakulu 1,232 a waya womwewo. Ku Japan, sitima yoyandama pa maginito oterewa inathamanga makilomita 603 pa ola mu 2015.

Tsopano mphete ija. Waya wa superconductor asanaukoke kukhala wopyapyala, umakhala ndodo yonenepa ya kopa imene m'kati mwake mwadutsa timitengo tambirimbiri ta niobium ndi titanium. Amisiri a mphete amagula zidutswa za ndodo zoterezi, n'kudula, n'kuboola pakati, n'kusema. Kenako ena amaviika mu asidi kuti kopa adyeke pang'ono, timitengo totuwa tija titsale titatumphuka pamwamba pa kopa wofiirira, mooneka ngati chisa cha njuchi. N'zokongoladi. Koma pachala pa munthu, chitsulocho n'chitsulo wamba. Sichiyandamitsa kanthu, sichichiritsa nyamakazi, sichithamangitsa magazi. Wogulitsa akakuuzani kuti mphete yake ili ndi mphamvu yapadera m'thupi, sungani ndalama zanu. Niobium payekha amakondedwa pa ndolo chifukwa sayabwa khungu la anthu ambiri amene zitsulo zina zimawatulutsa zilonda, komanso amasintha mtundu popanda penti. Amamuviika m'madzi a mankhwala n'kudutsitsa magetsi, pamwamba pake pamachita kachikutiro kopyapyala kwambiri, ndipo mukamakweza mphamvu ya magetsi mtundu umasintha, kukhala wabuluu, wachikasu, wofiirira kapena wobiriwira. Dziko la Austria lakhala likupanga ndalama zachitsulo za chikumbutso za 25 euro zokhala ndi niobium wamitundu pakati kuyambira mu 2003.

Ndiye ngati chimene chamukoka mwanayo ndi kukongola kwa mpheteyo, njira yake ndi ya luso lamanja: kusula, kuwotcherera, kugwiritsa ntchito makina osemera zitsulo, kudula ndi kusalaza miyala. Sindikuinyoza njira imeneyi. Dziko lathu lili ndi miyala ya mtengo wapatali, monga ruby wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu ndi aquamarine wa ku Mzimba, ndipo yambiri imatuluka kunja isanakonzedwe. Koma mmisiri wa mphete safunika digiri ya fizikisi, ndipo wa digiri ya fizikisi saphunzitsidwa kusula mphete. Mufunseni funso limodzi: pa zimene anaonazo, akufuna kudziwa chifukwa chake maginito akuyandama, kapena akufuna kupanga chinthu chokongola ndi manja ake? Yankho lake likuuzani zambiri kuposa ine.

Ine ndikuganiza kuti mwana amene wafika pofunsa dzina la chinthucho ndi wa funso loyambalo. Ngati ndi choncho, dziwani kuti superconductor si kosi imene munthu amasankha pomaliza Fomu 4. Ndi nthambi ya fizikisi imene munthu amaifika pa digiri yachiwiri kapena yachitatu. Panopa ntchito yake ndi masamu, fizikisi ndi kemisitiri, ndipo asataye Chingerezi, chifukwa kulowa yunivesite ya boma kumafuna makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Ndimaona ana ambiri okonda sayansi akulimbikira zoyeserera za mu labotale n'kumazemba masamu. Pa nkhani iyi zimenezo sizingatheke. Chiphunzitso chofotokoza chifukwa chake superconductor imachita zimene imachita, chimene John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer anatulutsa mu 1957, ndi masamu okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Akakhoza bwino, makomo ndi angapo. Ku University of Malawi ku Zomba angatenge digiri ya sayansi n'kuzama pa fizikisi. Ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a uinjiniya okhudza zitsulo, migodi ndi makina a m'chipatala. Makosi ndi zofunika zake zimasintha, choncho werengani chikalata cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, cha chaka chimene iye adzalembe. Wofuna kupitiriza kafukufuku weniweni wa superconductor adzayenera kutuluka kunja, chifukwa pamafunika labotale ya zozizira kwambiri. Malo awiri amene akhala akuthandiza ophunzira a mu Africa kufika kumeneko ndi AIMS, sukulu ya masamu ku Muizenberg ku Cape Town, yomwe inayamba mu 2003, ndi ICTP, likulu la kafukufuku wa fizikisi ku Trieste ku Italy, yomwe Abdus Salam anayambitsa mu 1964. Konseku amayang'ana magiredi a digiri yoyamba, makamaka masamu.

Pa funso lanu la ntchito ndiyankha mosabisa. Ntchito yolembedwa kuti katswiri wa superconductor musaiyembekezere m'nyuzipepala zathu. Koma ntchito zoyandikana nayo zilipo, ndipo ndi zimene ndingamulozere. Makina a m'zipatala amafuna owayendetsa ndi owakonza, ndipo akawonongeka nthawi zambiri timadikira munthu wochokera kunja. Makina a MRI amene anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 kudzathandiza kafukufuku wa malungo a m'bongo mwa ana anali a maginito wamba osafuna helium, a mphamvu yocheperapo. Makina amphamvu a superconductor amafuna helium wochokera kunja ndi magetsi osazimazima oti aziziziritsa usana ndi usiku. Mtsikana womvetsa zinthu zimenezi sangasowe pogwira.

Kwinanso ndi ku migodi. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli miyala ya niobium, ndipo kampani ya Globe Metals & Mining yakhala ikukonzekera mgodi kumeneko kwa zaka zambiri. Musamange tsogolo la mwana pa mgodi umodzi, poti nkhani za migodi zimachedwa ndipo masiku ake amasunthasuntha. Dziwaninso kuti niobium wambiri padziko lapansi amachokera ku Brazil, makamaka ku Araxá, ndipo wochuluka amathera mu zitsulo zolimba za mapaipi, milatho ndi magalimoto. Wopita ku superconductor ndi wochepa, wa ndolo ndiye wochepetsetsa. Choncho amene waphunzira za zitsulo ndi kuyenga miyala ali ndi msika waukulu kuposa amene akudziwa superconductor yokha.

Pakali pano, mupite naye kwa mphunzitsi wake wa fizikisi teremu ino, muone malikisi ake a masamu a Fomu 2 ndi Fomu 3 pamodzi. Ngati masamu akutsalira, ndalama ya maphunziro apadera ipite kumeneko chaka cha mayeso chisanafike. Ndipo ngati kusukulu kwawo kulibe labotale yokwanira, funsani ahedi ngati amagwirizana ndi sukulu ina yapafupi pa zoyeserera, chifukwa pa MSCE fizikisi ndi kemisitiri zili ndi pepala la pulakitiko.