Musatsitse kaye giyabokosi ya Hilux ija

Eee, asuweni, ndawona uthenga wanu uja. Mukufunsa kuti giyabokosi yogwirapo kale ntchito ikupita pa zingati ku Limbe. Mtengo sindikuuzani. Ayi, sikukana, tamverani kaye. Inu nkhani yanu si mtengo. Mwatopa nayo galimoto ya bamboyo, ndiye mukufuna wina anene kuti yatha, mukaigulitse mayi osadandaula. Ndimakudziwani inu, kuyambira pa nkhani ya njinga ija.

Mwati magiya akukana kulowa, rivesi ikuchita kukukuta, koma mukathimitsa injini onse akulowa bwinobwino. Chabwino. Imeneyo... iwe, tatseka chitsekocho, ndikulankhula... pepani.

Mukuwakumbukira amalume ndi pikapu yawo yoyera? Nthawi imene ankakhala ku Malindi... ayi, anali atabwerera kale ku boma ku Mangochi, inde, chaka chimene agogo ankadwala mwendo. Anapakira usipa wouma, matumba mpaka pamwamba, ulendo wa ku Namwera. Atangowoloka mlatho wa Shire, pedalo ya kilatchi inayamba kufewa. Iwo osalabadira, paja amalume ankati galimoto imamva mawu a mwini wake. Pofika pachikweza cha ku Chowe, phazi linangolowa pansi, pedalo osabwereranso. Kutsegula boneti, kabotolo ka kilatchi kouma gwaa. Brake fluid, mafuta amene amathiridwa ku mabuleki ndi ku kilatchi, analibe. Ndiye anatenga oyilo wa injini wotsala m'chigubu n'kuthiramo, mnyamata wawo akuwaletsa, iwo amvekere, "Mafuta ndi mafuta basi." Anafika ndithu, akupopapopa njira yonse, usipa n'kugulitsa. Koma oyilo amatupitsa marabala a m'kati muja. Sipanapite nthawi, magiya anakaniratu. Makaniko wina anawauza kuti ndi giyabokosi, anaitsitsa, kuimasula yonse, osapezamo vuto. Mbuzi za azakhali zija zinathera pamenepo, mpaka lero mukaitchula nkhaniyi amadzuka pamkeka n'kulowa m'nyumba. Amalume, Mulungu awasunge, anali munthu wolimba mtima, koma zomva za ena ayi.

Ndiye ndimati chiyani... eya. Giyabokosi yanuyo ndikuona kuti ilibe mlandu. Magiya akamalowa injini ili yozima n'kumakana ikalira, ndiye kuti kilatchi siikulekanitsa injini ndi giyabokosi. Rivesi imayamba ndiyo kudandaula chifukwa pa magalimoto akalewa ilibe synchro, karing'i kofananitsa liwiro la magiya kuti alowe osakukuta. Mawa m'mawa, musanapite kulikonse, popani pedalo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mwachangu, kenako lowetsani giya. Ikalowa, vuto lili ku mafuta a kilatchi, mwina mwalowa mpweya kapena rabala yatha. Onani kabotolo kakang'ono pafupi ndi ka mabuleki. Pisani dzanja kuseri kwa pedalo, kumtunda, pamene kachitsulo kamalowa mu master cylinder, kapampu kokankha mafuta mukaponda pedalo. Pakakhala ponyowa, kapeti n'kumata, master ikudontha. Mukatero gwadani pansi, asuweni, malaya oyerawo muvule kaye, muone slave cylinder, kamene kamalandira mafutawo n'kukankha kilatchi, pambali pa giyabokosi, mufunyulule karabala kake. Mukapezamo mafuta, ndi imeneyo. Thiranimo zimene zalembedwa pachivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, osati china chilichonse, ndipo mubilide muli awiri, wina akupopa, wina akumasula kanati kuti mpweya utuluke.

Zikanakhala kuti injini ikulira kwambiri pachikweza koma galimoto osakoka, kununkha ngati chapserera, ndikanati clutch plate, mbale ya kilatchi ija, yatha, apo ndiye giyabokosi imatsikadi. Kapena giya imodzi yokha, yachiwiri mwachitsanzo, ndiyo ikukukuta, ndikanakayikira synchro. Koma zimene mwanenazi si zimenezo.

Ndiye musalole munthu amasule giyabokosi asanaone master ndi slave. Mwamva? Ayambe za mafuta, giyabokosi aisiye ili pomwepo. Mundijambulire kabotoloko ndi pansi pa pedalo muponye pagulu pano, ndipo za kugulitsazo musawauze kaye mayi.