Kodi ndidikire kaye ndalama za situdiyo?

FUNSO: Akonzi, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimapeka nyimbo za rock. Ndimazijambula ndekha m'chipinda ndi gitala, laputopu yakale ndi maikolofoni imodzi, koma anzanga akuti zimamveka phokoso ndipo palibe wailesi yomwe ingaziulutse. Kodi ndidikire mpaka nditapeza ndalama zolowera m'situdiyo? — Wowerenga, Chilomoni

YANKHO: Achimwene, musadikire. Kajambulidwe kotereka kamatchedwa lo-fi, ndipo alipo oimba amene anatchuka nako popanda kampani yowathandiza poyamba. Daniel Johnston wa ku America, yemwe anamwalira mu 2019, ankajambula nyimbo zake kunyumba pa wailesi ya kaseti, n'kumagawira anthu makasetiwo mumzinda wa Austin komwe ankagwira ntchito ku McDonald's. Dzina lake linamveka kutali mu 1992 pamene Kurt Cobain wa gulu la Nirvana anaonekera pagulu atavala malaya a chithunzi cha pa chimbale chake. Will Toledo wa gulu la Car Seat Headrest ankajambulira mawu m'galimoto pofuna malo a yekha, ndipo anakhala akuika zimbale pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti loikapo nyimbo, kuyambira 2010 mpaka kampani ya Matador Records inamutenga mu 2015.

Chimene chinakoka anthu kwa oimba amenewa ndi nyimbo zenizenizo, osati phokosolo. Womvera amapirira kasokosoko ka zipangizo zotsika mtengo, koma sapirira gitala yosachunidwa bwino kapena mawu omira pansi pa zingwe. Chotero yambani mwachuna gitala, muijambule payokha, kenako muikepo mawu, pakamwa panu patatalikirana ndi maikolofoni ngati mulifupi mwa chikhatho. Pachikani mabulangete kukhoma ndi pawindo kuti mawu asamabwerere, ndipo jambulani usiku kapena m'bandakucha, ma minibasi ndi mawailesi a anansi asanayambe. Ngati nyumba yanu ndi ya malata yopanda siling'i, tsiku la mvula lisiyeni likhale lopeka nyimbo basi. Pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity ndi yaulere ndipo ikukwanirani. Muzingosunga ntchito yanu pafupipafupi poopa kuthima kwa magetsi.

Pa za wailesi, anzanuwo sakunama kwenikweni, pakuti rock ili ndi omvera ochepa kuno kwathu, ndipo n'chifukwa chake sindingakulangizeni kusiya ntchito imene ikukudyetsani. Komabe omvera sapezeka pa wailesi pokha. Madalitso Band inkaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni yopanga okha, ndipo mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo. Inunso imbani pamaso pa anthu paliponse pamene mwapatsidwa mpata muno mu Blantyre, ngakhale atakhala khumi okha, chifukwa mpamene mudzadziwe nyimbo imene ikuwagwira mtima. Musanaike nyimbo iliyonse pa intaneti, pitani mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, kuti ikadzaulutsidwa ndalama zake zidzafike kwa inu.