Filter musaipatse mphamvu yofufuta makalata

Mayi wina wa ku Matawale, amene amaperekera makope ndi choko m'masukulu, wandilembera kuti chiikireni ma filter (malamulo osankhira makalata olowa) pa imelo yake ya Gmail, maoda ena sakuwaona. Akufunsa chochita kuti kalata iliyonse izisungika. Mayi, funso lanuli landikhudza pachilonda.

Mlongo wanga atamaliza ku Chanco ankafunsira ntchito paliponse, ndipo imelo yake inadzaza ndi zotsatsa malonda. Mnyamata wina wa pa kafe m'tauni muno, ndi mtima wabwino ndithu, anamuikira lamulo loti kalata iliyonse yokhala ndi mawu akuti "offer" izifufutidwa. Zotsatsazo zinathadi. Koma kalata yomuuza kuti walembedwa ntchito inalinso ndi mawu omwewo. Anadzamvera kwa mnzake, malo atapatsidwa kale wina. Tinakhala pakhonde usiku, magetsi atazima, tikusakatula mu Trash pa kafoni kake kosweka galasi. Munalibe kanthu, poti Gmail imafufutiratu za mu Trash ndi mu Spam pakatha masiku 30. Analira mpaka mawu kusasa.

Ndiye ine ndimakanitsitsa: makina asamagamule okha kalata yoti itayidwe. Sadziwa mphunzitsi wamkulu amene akuitanitsa makope, amangoona zilembo. Amayi akamapeta mphale, madeya amawaika padera, sataya. Ndipo zimandiwawa kuti mu Zomba momwemuno, ku National Archives, muli makalata a m'nthawi ya atsamunda osungidwa bwinobwino, pomwe ife kalata ya mwezi wathawu sitingaipeze.

Ena amati, "Zonse zili mufoni mwanga." Ayi ndithu. Foni imangokuonetsani zomwe zili pa seva, kompyuta ya kampani ya imelo imene imasunga makalata anu. Kalata ikafufutidwa uko, kwanunso yapita. N'chimodzimodzi kompyuta yolumikizidwa kudzera pa IMAP, njira yowerengera makalata ali pa seva pomwepo. Komanso Gmail yaulere imapereka 15 GB yokha, yogawana ndi Drive ndi Photos. Ikadzaza ndi zithunzi za ukwati, makalata atsopano amabwerera kwa owatumiza, inu osadziwa kanthu.

Tsono mutani, mayi?

Tsegulani ma filter anu onse pa kompyuta, chifukwa pa app ya mufoni saoneka. Paliponse pamene pali "Delete it" chotsanipo, muike label (chizindikiro chosanjira makalata) ndi "Skip the Inbox". Kalatayo imachoka pamaso panu koma imakhalabe mu All Mail. Masukulu amene mumagwira nawo ntchito apatseni lamulo lawolawo la "Never send it to Spam". Kenako tsegulani adiresi yachiwiri kukampani ina ya imelo, muuze Gmail kuti izitumizako kope la kalata iliyonse yolowa, ndipo kumeneko musaikeko filter ngakhale imodzi. Dziwani kuti za mu Spam sizitumizidwa, ndiye muzisuzumiramo sabata iliyonse.

Mwezi ukatha, gulani bandulo yausiku, mutsitse makalata onse kudzera pa Google Takeout, tsamba la Google lotsitsira zinthu zanu. Amabwera mu fayilo ya MBOX. Ikopereni pa flash, muyesenso kuitsegula ndi Thunderbird, pulogalamu ya imelo ya pa kompyuta, kuti muone ngati maoda a mwezi umenewo alimodi.