Nyimbo yokumbukira anthu a thangata ndi a ku Wenela: muyambire pati?

Woimba gitala wina wa ku Ndirande watumiza funso pa imelo. Akufuna kupeka nyimbo yolemekeza anthu amene mabuku a mbiri ya dziko sawatchula, koma akaiyamba imangomveka ngati mawu a pamwambo wa pa 3 Malichi. Akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Achimwene, vuto ndi loti mukuimba za "makolo athu" onse nthawi imodzi. Sankhani gulu limodzi. John Chilembwe ali pa ndalama ndipo ali ndi tsiku lake la 15 Januwale, koma Alomwe amene ankagwira thangata m'minda ya azungu ku Magomero, Thyolo ndi Mulanje satchulidwa maina. Alipo atengatenga amene ankasenza katundu wa asilikali pankhondo ya 1914 mpaka 1918. Aliponso a ku Wenela, amene ankalembedwa ntchito ya kumigodi ya ku Joni, monga oposa 70 amene anafa ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 akubwerera kwawo.

Mukasankha, siyani kaye gitalayo, pitani kwa agogo. Foni yojambulira mawu awo muitchere kuti isalire, muiike pafupi ndi pakamwa pawo, m'nyumba, kutali ndi mphepo ndi chigayo. Mphindi 30 zakwana, okalamba amatopa. Musafunse kuti "zinali bwanji?" chifukwa yankho lake limangokhala "kunali mavuto". Funsani dzina la munthu wa m'gulu mwasankhalo amene akumukumbukira, mfunda wake, mudzi, mfumu, chimene ankadya, ndi mmene kapitawo ankawaitanira. Kenako pemphani nyimbo. Apa yambani ndi agogo aakazi, poti madandaulo a amuna otchona ku Joni ndi ku Salisbury (Harare wa lero) anasungidwa m'nyimbo za pamtondo. Zina mwa nyimbo zoterezi Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anazijambula m'zaka za m'ma 1950.

Popeka, maina atatu kapena anayi pa vesi akwana, ndipo aziwatchula wotsogolera. Kolasi ikhale ya mawu ochepa oti anthu avomereze atangomva kawiri. Ku studio zinthu zimaonongeka pamene wojambula ayamba ndi ng'oma za pakompyuta, ndiye mawu a agogo aja n'kumakakamizidwa kulowa m'kayendedwe kosakhala kawo. Jambulani musi ndi m'manja poyamba, zida zina zitsatire. Mvetserani mmene Allan Namoko ankachitira ndi banjo yake: zida zochepa, liwu lililonse likumveka.

Musanaitulutse, kaimbireni a kubanja, avomereze kuti maina awo amveke pawailesi. Amene akunenedwa kuti anali kapirikoni musamutchule dzina, adzukulu ake alipo ndipo umboni wanu ndi wapakamwa chabe. Nyimbo za kudambwe zisiyeni, si zanu. Zaka ndi maina a minda mukatsimikize ku National Archives ku Zomba, ndipo polembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, munene bwinobwino gawo limene mwapeka nokha ndi limene mwatenga kwa agogo.